Mpando wa Ife Ophunzirira Kutali

Lolemba, 6 Meyi

Ana 94 lero mu Sitandade 6. Choko chatha tisanafike pa masamu. Madzulo kukumba mtedza. Msana.

Uthenga pa foni, nambala yachilendo. Akuti ndi Wezzie, wapampando watsopano wa bungwe la ophunzira lokambirana za ndale kuyunivesite kwathu. Ndalemba kuti "kwathu", ndaseka ndekha. Chaka chachitatu chino ndikuphunzira digiri ya uphunzitsi ndili kuno ku Kapondo. Kukampasi ndimakakhalako masabata awiri okha, kenaka kubwerera, mabuku ndi foni basi. A kumeneko amatitcha "akutali". Dzina langa lilimo m'kaundula wa bungwelo, koma pa chisankho sitivota, pa mitsutso yawo satiitana.

Mu Febuluwale ndinalemba pa gulu lawo la pa foni kuti atifufutemo ngati tili ongodzazitsa pepala. Palibe anayankha. Lero mwana ameneyu akuti anawerenga, akufuna tionane. Bambo ake ndi namwino ku boma, iye wabwera kutchuthi.

Bambo a Linda akuti, "Wandale akakulonjera kawiri, gwira thumba lako."

Sindinamuyankhe Wezzieyo.

Lachitatu, 8 Meyi

Wabwera yekha! Pa kabaza wamoto, fumbi mpaka m'nsidze. Ndimayesa anena kuti ndimutsatire ine ku boma. Kamtsikana kochepa thupi, Chichewa chake chopendekera kumpoto. Anadikira pansi pa mtengo wa mango mpaka tinaweruka, osandiitanitsa m'kalasi. Chimenecho chokha chinandifewetsa.

Anatulutsa kope. Za iye mwini sananenepo. Mafunso okhaokha: tilipo angati m'boma lino, nkhani timazimvera kuti, chimatipweteka n'chiyani. Ndinamuuza za mayeso a chaka chatha amene anasinthidwa tsiku. A kukampasi anawerenga pa bolodi, ife tinamva atalembedwa kale. A Timoteyo, alangizi a zaulimi ku Chiosya, anabwereza phunziro lonse chifukwa cha zimenezo. Bungwe silinatsegule pakamwa, poti silinadziwe n'komwe.

Iye anati, "Amayi, ndikufuna tisinthe malamulo a bungwe. Muzivota, mukhalenso ndi mpando wanu mu komiti. Koma ndekha sindingathe, anthu anu sindiwadziwa."

Msonkhano waukulu wa bungwe uli pa 24 Meyi. Kuti lamulo lisinthe, pafunika anthu awiri mwa atatu alionse avomere.

Ndinamupatsa mtedza wauwisi m'jumbo. Anagwada polandira. Makolo ake anamulera.

Lachiwiri, 14 Meyi

Tchuthi. Kuchapa, kuyanika mtedza, kuthamangitsa mbuzi za eni.

Msonkhano wa Wezzie wa dzulo wakanika. Anaitana akutali onse a m'boma lino, tilipo 31. Lolemba, 10 koloko m'mawa, pa loji ina ku boma, kalata yake Chingerezi chokhachokha. Anafika atatu. Ine sindinapite. Ana ndikanasiyira yani?

Waimba lero, mawu ali ogwa. Kenneth, wachiwiri wake mu komiti, wamulembera kuti, "Waona? Anthu akowo safuna n'komwe." Kenneth ndiye akukana kusinthaku. Akuti ife akutali tachuluka, tikayamba kuvota tilanda bungwe. Akutinso ndife akuluakulu, tibweretsa za zipani zathu.

Ndinamukalipira pang'ono Wezzie. Lolemba m'mawa mphunzitsi ali m'kalasi, namwino ali m'wodi, mlangizi ali m'munda mwa munthu. Amaitana ndani? Iye anati, "Ndalakwitsa. Sankhani ndinu tsiku ndi malo, amayi. Ine ndidzangobwera kudzamva."

Ine pa msinkhu wake ndikanadula foni.

Ndasankha Loweruka, ku Ludzi, m'kalasi imene mnzanga wina watipemphera. Ndaimbira anthu mmodzimmodzi mpaka khutu kutentha.

Loweruka, 18 Meyi

Anthu 22! Ena pa njinga, ena wapansi. Awiri ndi ana kumsana. Ena ndakhala nawo m'chipinda chimodzi cha mayeso zaka zitatu osadziwa kuti ndi a kwathu konkuno.

Tinakhala pa madesiki a ana, mawondo m'mwamba. Chichewa chokhachokha. Wezzie anakhala kumbuyo ndi kope lake.

A Benedict ndi amene sindidzawaiwala. Aphunzitsi osaona, anafika ndi ndodo yawo yoyera, taye pakhosi. Anati zidziwitso zonse za bungwe zimabwera pa foni ngati zithunzi zokongola. "Foni yanga imandiwerengera mawu. Koma ikapeza chithunzi imangoti, chithunzi. Zaka zitatu ndakhala ndikumva chithunzi, chithunzi. Ndinkayesa bungwe lathu ndi la ojambula." Tinaseka mpaka misozi. Kenaka ndinakumbuka. Inenso ndakhala ndikutumiza zithunzi zomwezo kwa anzanga, osaganizako. Wezzie analonjeza kuti kuyambira lero chidziwitso chilichonse chizibweranso m'mawu olembedwa, Chichewa ndi Chingerezi. Anatumiza choyamba tili pomwepo. Foni ya a Benedict inawerenga mokweza m'thumba mwawo. Tinaomba m'manja ngati ana.

Ena anapsa mtima ndi za Kenneth. A Timoteyo, amene anali ndi chifukwa chokwiyira kuposa tonse, ndiwo anatiziziritsa. "Ana aja akuopa, ndipo mantha awo si abodza. Tachulukadi. Tipemphe voti ndi mpando umodzi. Upampando ukhale wa amene amagona kukampasi." Tinagwirizana chomwecho. Zalembedwa, tonse tasaina, a Benedict adinda chala.

Pa msonkhano waukulu mmodzi wa ife alankhule pa foni, mphindi zitatu. Asankha ine. Ndinakana kawiri.

Pobwerera mphepo yozizira, koma mumtima mofunda. Zikomo Ambuye chifukwa cha lero.

Lamulungu, 19 Meyi

Wezzie wabwerera kusukulu m'mawa.

Pochokera ku Misa, uthenga wa a Kefasi, a zaumoyo, akutali anzathu. "Madamu, mwagwira ntchito yabwino, tamva. Kungoti ife a Sabata tilipo asanu. Dzulo tinali kutchalitchi."

Ine amene ndinaphunzitsa mwana wa eni za masiku a anthu! Ndinasankha tsiku londikomera ine, ndikuyesa lakomera onse.

Ndawaimbira, ndapepesa. Sanandichititse manyazi. Anangoti tiziyesa Lamulungu masana, onse atatuluka m'mapemphero. Asainanso asanuwo, pepala liwapeza kudzera kwa a Timoteyo, kenaka tilitumiza kwa Wezzie.

Lachinayi, 23 Meyi

Ndalemba mawu anga m'Chingerezi, masamba awiri. Ndawerengera Linda kanayi. Akuti, "Amayi, mukumveka ngati a pa wailesi olengeza za maliro." Mwana wa Fomu 2 ameneyu.

Tsiku lake ndi mawa.

Lachisanu, 24 Meyi

Ahedi anandilola kuweruka 1 koloko. Msonkhano 2 koloko. Ndinakwera pa chulu cha kuseri kwa nyumba, pamene foni imagwira bwino masiku onse. Lero ayi. Imangothawira ku netiweki ya ku Zambia, kubwerera, kuthawanso. 2 koloko inakwana. Mphindi khumi zinadutsa. Ndinayamba kulira, ndisabise.

Bambo a Linda anali kumunda, akusenza mtedza. Anandiona pa chulupo. Anatsitsa thumba, kutenga njinga. "Kwera." Osafunsa kanthu. Anapalasa mpaka pa msika, pafupi ndi nsanja ya mafoni, malaya atanyowa ndi thukuta. Munthu yemwe uja wa mwambi wa thumba ndi andale!

Foni inalowa. Wezzie anati anazengereza dala, anayambitsa nkhani zina kuti andidikire. Anaika foni pa chokuzira mawu. Ndinamva holo yonse ikupuma, wina akutsokomola.

Pepala linali m'manja koma maso osaona bwino. Ndinalipinda. Ndinalankhula Chichewa. Ndinati ndine Imelda, mphunzitsi, zaka 39, ndili pa msika pafupi ndi ogulitsa tomato chifukwa kunyumba foni yakana. Ndinanena za mayeso a a Timoteyo, za foni ya a Benedict. Ndinati sitikufuna kulanda nyumba yanu, tikufuna chitseko chokha, kuti zikativuta tizidziwa pogogoda. Ndinayamba kunena za mpando umodzi uja, foni phwii. Batire.

Sindikudziwa ngati anamva zokwanira. Pobwerera tinayenda wapansi, njinga akukankha. Anandigulira nzimbe.

Loweruka, 25 Meyi

ZATHEKA.

Ovota 88. Ovomera 61. Pamafunika 59. Anthu awiri okha!

Wezzie akuti foni itaduka, anawerenga yekha pepala lathu losainidwa, mayina onse 27, mmodzimmodzi, ndi ntchito zawo. Kenneth anaimirira kutsutsa, ndipo akuti analankhula bwino. Kenaka mtsikana wina wa chaka choyamba, amene sanalankhulepo chiyambire, anaimirira n'kunena kuti mayi ake nawonso amaphunzira chomwechi kwawo, amawerenga atatha kuphikira banja, ndipo sanaganizepo kuti mayi akewo ndi wophunzira mnzake. Akuti pamenepo manja ena anasintha.

Dzina la mtsikanayo sindikulidziwa. Ndamupempherera choncho, Mulungu amudziwa.

A Timoteyo aimba, osalankhula, kungoseka. A Benedict atumiza uthenga wa mawu, akuimba nyimbo ya kwaya. Ndapha nkhuku. Linda wadabwa, si Khirisimasi.

Ndikawerenga amene andinyamula mwezi uno: mwana wa ku boma amene anadya fumbi kudzandipeza, ahedi, a Kefasi ndi kudzudzula kwawo kofatsa, mwamuna wanga. Ine ndinangolemba uthenga waukali mu Febuluwale. Zina zonse achita ndi anthu.

Lolemba, 3 Juni

Kuzizira kwayamba. Ana ambiri opanda majuzi, khumi sanabwere.

Sabata yathayi sindinalembe, mayeso a pakati pa teremu. Dzulo masana tinakumana ku Ludzi, a Sabata analipo onse. Mpando wathu mu komiti tapatsa a Benedict. Ena amafuna ine, ndinakana ndi mtima wonse, iwo amalankhula bwino kundiposa ndipo saopa munthu.

Koma lero m'mawa kwabwera chidziwitso, m'mawu olembedwa, zilankhulo zonse ziwiri. Kenneth ndi anzake apempha kuti Wezzie achotsedwe pa upampando. Kuvota Lachinayi, ife tivotera pa foni. Ndiye kuti voti yathu yoyamba m'bungweli ikhala yonena ngati mwana ameneyu akhale kapena achoke.

Ndinamuimbira pa nthawi yopuma, ndinati asadandaule, tilipo 31, ndiwauza onse. Anandiletsa. "Ayi amayi. Mukatero Kenneth akhala kuti ananena zoona. Musandivotere chifukwa chothokoza. Werengani kaye zimene akundinenazo."

Ndawerenga. Milandu itatu. Woyamba ndi wachiwiri ndi nsanje chabe. Wachitatu ukuti anabwera ku Mchinji n'kutilonjeza kusintha malamulo asanauze komiti yake, anzakewo anamvera kwa ena. Ndamufunsa. Wavomera. Akuti ankaopa kuti amukaniza.

Ndiye kuti nayenso anasiya anzake kunja.

Ndimuvotera, ndikudziwa. Koma ndimuuza kaye kuti akapepese kwa Kenneth pamaso pa komiti, Lachinayi lisanafike. Kaya amva. Mawu oyambira sindinawapeze, mwana amene wandichitira zonsezi ndimuyamba bwanji kuti...

Belu lalira. Masamu.