Labotale Ili M'mwamba, Wophunzira Ali Pansi

MSONKHANO WA KOMITI YA SUKULU
Tsiku: Lachitatu, 14 Meyi
Malo: Laibulale, m'chipinda cham'mwamba
Opezekapo: Wapampando, Mphunzitsi wamkulu, Mphunzitsi wa sayansi, Kalipentala (woimira makolo), Mlembi
Oitanidwa: Mtsikana wa Fomu 4 ndi mayi ake
Osapezekapo: Msungichuma (anapepesa)

1. Kutsegula
Wapampando anatsegula ndi pemphero. Anayamikiranso mipando ya khushoni, imene ndiyo imatikokera mulaibulale nthawi zonse.

2. Mayeso a sayansi
Mphunzitsi wamkulu anafotokoza kuti mtsikanayo amayendera njinga ya olumala, labotale ili m'mwamba, ndipo mayeso a mulabotale ali mwezi wamawa. Akapanda kulemba, za unamwino zimene akufuna zathera pompo.

Mphunzitsi wa sayansi anati zipangizo zake ndi zagalasi, sizingamayendetsedwe ngati mapoto. Anati anyamata apitirize kumunyamula mtsikanayo monga kale.

Mayi a mtsikanayo anaimirira osapatsidwa mwayi. Anati: "Aphunzitsi, sabata yatha anyamata anuwo anamugwetsa pamasitepe, siketi m'mwamba, anzake akuona. Mwana wanga si thumba la simenti ayi."

Wapampando anati mawuwo asalembedwe. Mlembi anali atalemba kale.

Kalipentala anadzipereka kukonza matebulo m'chipinda chapansi. Mphunzitsi wa sayansi anakanabe, nati mtsikanayo nkhaniyi sikumukhudza, apo ayi akanabwera.

3. Kujomba kwa woitanidwa
Wapampando analamula kuti mtsikanayo alembedwe kuti wajomba. Mayi ake anati: "Ali pansi pa masitepe chifikire, bambo. Inu nonse mwamudutsa, ena mpaka kumupatsa moni."

Mlembi anachita manyazi kwambiri, ndipo sanali yekha.

Komiti inatsika, msonkhano n'kupitirira choimirira pakhonde. Atafunsidwa maganizo ake, mtsikanayo anati: "Kunyamulidwa ndatopa nako. Magalasiwo akasweka mugula ena."

Chigamulo: zipangizo zitsike pofika Lolemba. Mphunzitsi wa sayansi anati azinyamula yekha, wina asakhudze.

4. Zina ndi zina
Wapampando anafunsa ngati mipando ya khushoni ingatsikenso. Nkhaniyi sinapeze woithandizira.

Mlembi sanalembe kuti mtsikanayo anajomba, pakuti anafika tonsefe tisanafike.

5. Msonkhano wotsatira
Pa 11 Juni, m'kalasi ya Fomu 1, pansi, pamabenchi.

Msonkhano unatsekedwa 4 koloko masana.

Wapampando: ______________
Mlembi: ______________