Chilanga mulilo tsiku la semi fainolo

Lachinayi madzulo. Tsiku loipa, mutu ukuwawa.

Ba kochi atiuza kuti semi fainolo ya kapu ya mpira aisunthira Loweruka, ku bwalo la ku Matero. Loweruka lomwelo ndi chilanga mulilo changa, tsiku loti achibale anga anyamule zakudya kupita kwa apongozi. Pagolo ndatsala ndekha, Mutinta wondigwirizira anathyoka chala.

Ndawagwadira amayi kuti andilole kukasewera, koma ayankha ndi alangizi: "Mkwatibwi savala kabudula pamenso pa bantu. Uzankala mu nyumba." Ndamuimbira Chanda, mwamuna wondikwatirayo. Akuti, "Ni vinthu va bazimai ivo, ine ningakambe chani?" Chonsecho anandiona koyamba ndili pagolo!

Chaka chonse tagubuduzika m'fumbi kuti tifike apa. Atsikana onse maso ali pa ine.

Koma mwambo umati mkwatibwi saperekeza mbale, amatsala pakhomo. Onyamula mbale ndi ng'oma zawo akangotuluka pageti, ine nditulukira kuseri. Magolovesi ndabisa kale m'thumba la makala. Akadzabwerako n'kupeza m'chipinda mulibe munthu, mwina ukwati uthera pomwepo. Ndikudziwa. Mulungu wanga, minibasi ya kwathu kuno ku Mtendere ingodzaza msanga, ndikafike nthawi yake...