Chisanza M'kamwa mwa Sayilini

Phalombe,
Novembala 2024

Okondedwa achemwali a Lufina,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu ndi wa amayi. Miyendo yawo ija yaleka kutupa? Ine ndilipo, koma dziwani kuti akukulemberaniyu ndi mafupa okhaokha, mnofu wonse ndausiya m'phiri la Michesi.

Ntchito ikupitirira. Kumudziko muziwauzabe kuti ndine injiniya, musachite manyazi. Zoona zake ndimasenza makina a bungwe lija lochenjeza anthu za napolo kukwera nawo phiri, batire pamutu, sola kumsana. Batire limodzi kulemera kwake ngati ng'ombe ya malume a Geoffrey ili ndi bere. Ndikatsika, maondo amachita kuwombana okha. Ndatopa, achemwali. Ngakhale atsikana a kuno, amene amakanganirana ine tsiku ndi tsiku, ndangowauza kuti adikire mvula ithe.

Makinawa ndawadziwa tsopano kuposa eni ake. Kena ndi kachitini koyeza mvula. Kena timakakwirira m'mbali mwa khwawa kuti kazimva nthaka ikagwedezeka. Miyala ikangoyamba kugubuduka kumtunda, kamauza sayilini ya kumudzi kuti ilire, anthu n'kuthawa napolo asanafike. Ndi makina omwewo amene anadzaika paphiri lathu ku Kandeu chaka chatha.

Nkhani yanu yandipeza kuno. Ndinakumana ndi mayi wina wa kwathuko pamsika wa Migowi. Akuti tsiku la chiliza cha agogo, anthu a ngoma anakavinira pabwalo la m'mbali mwa khwawa, pompo pamene anakwirira kachipangizoko. Ataponda pansi onse pamodzi, sayilini n'kulira, kunja kuli ngwee. Akuti anthu anabalalika nyama ili m'manja, ndipo malume a Geoffrey, Mngoni weniweni, anataya chishango n'kupitirira ndi ana omwe. Ndinaseka mpaka ogulitsa tomato anandithamangitsa. Muwauze malumewo asadandaule, makina atsimikiza okha kuti phazi lawo ndi napolo.

Koma kuseka kunandithera pomwe mayiyo ananena kuti alamu a Thomas, pochita manyazi ndi alendo, anakwera mtengo wa sayiliniyo, n'kuitseka ndi chisanza, n'kuzula waya wa kubatire. Akuti mpaka lero ili choncho, ndipo aliyense akuti bola, tipume.

Achemwali, ine ndimakokomeza nkhani, mumandidziwa. Iyi yokha sindiwonjezera kanthu. Pamene timadutsa pokwera phiri panali mudzi, unapita ndi namondwe wa Freddy. Palibe ndi chipupa chomwe, miyala yokhayokha, ina kukula ngati khitchini yanu. Mnzanga amene timasenza limodzi, Allan, kwawo kunali pomwepo. Anandiuza kuti iye ndi abale ake anamva chiphokoso ngati malole ambiri, n'kuyamba kutsutsana pakhonde kuti kaya n'chiyani. Pomwe amazindikira, matope anali atafika. Amayi ake anali ndi miyendo ngati ya amayi athu. Sadziwa mwala umene unawatsekera, ndiye tikamadutsa amavula chipewa pa mwala uliwonse waukulu. Ine, wolongolola uja, pamenepo nanenso ndimavula changa.

Pempho langa ndi limodzi. Nyumba ya amayi ndiyo yoyamba kukhwawa, ndipo mitambo yayamba kale kusonkhana. Alamu akwerenso mtengo uja, achotse chisanza, abwezere waya pamene anauzula. Akaopa, muitane anthu a bungwe aja adzakonze, palibe amene amangidwe. Ngoma azikavinira kubwalo la sukulu, kumeneko aponde mpaka nthaka ing'ambike. Ndipo sayilini ikalira, kaya muli pamaliro, kaya mukuganiza kuti yanamanso, musayambe kufunsana. Mubereke amayi, mukwere kutchalitchi. Akakana, muwauze kuti walamula ndi injiniya.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu, kwa azakhali ndi ana onse. Malume muwafunse ngati chishango anachipeza.

Pa Khirisimasi ndibwera, maondowa akalola. Ndikufuna ndidzawapeze amayi ali pakhonde, akundikalipira kuti ndinawathawitsa pachabe.

Ndine mlongo wanu wotopa,
Aleck