Getsi la Kukhitchini

Lolemba, 3 Malichi
Mkamwini wamaliza ntchito yake. Loko wopanda kiyi, magetsi omvera mawu, kakamera pamwamba pa chitseko. Zonse zikuonekera pa foni ya mwana wanga wamkazi, kutali komwe akukhalako. Akuti chigwereni changa m'bafa muja mtima wake suli m'malo. Ndavomera. Bondo likadawawa, mphamvu zokanganira ndilibe.

Lachinayi, 6 Malichi
Ubwino ulipo, ndisaname. Getsi ndikuyatsa ndili pampando. Koma limamvera msanga mawu a mkamwini. Ine mpaka katatu, ngati ndikupempha mchere pakhomo pa eni.

Lamlungu, 9 Malichi
Atelala anabwera kudzamwa tiyi, monga achitira Lamlungu lililonse. Amasiye awiri, nkhani zathu ndi za mawondo basi. Asanakhale n'komwe, foni: "Amayi, abambo achipewa alowawo ndi ndani?" Zaka 68, kufunsidwa ngati kamtsikana ka sukulu. Anamva okha. Tiyi anamwa akuwotcha, n'kutsanzika. Manyazi andigwira mpaka pano.

Lachitatu, 19 Malichi
Netiweki yavuta chiyambire m'mawa. Pochokera kumsika, loko duu. Maola awiri pakhonde langa lomwe, matimati ali pamiyendo. Nyumba tinamanga ndi malemu, lero ndikudikira chilolezo. Ndakwiya zenizeni.
Lamlungu lapitali atelala sanaoneke.

Lachisanu, 21 Malichi
Ndaitana mayi wamagetsi wa kuseri kwa msika. Akuti zinthuzi zimayamba zakafunsa ku makompyuta a kampani, kutsidya kwa nyanja, zisanandimvere ine amene ndili pompano. Angathe kuika kabokosi m'kabati kuti zonse zizithera m'nyumba mommuno, netiweki ikhalepo isakhalepo. Ndati achite, kakamerako achotse, andipatsenso kiyi wogwirika m'manja. Mwana sindinamuuze.

Loweruka, 22 Malichi
Zatheka. Ndatsegula ndi kutseka kasanu, popanda chifukwa.

Lolemba, 24 Malichi
Mwana waimba foni m'mawa akulira. Foni yake sikuonetsa kanthu, amati ndagwanso. Kumapeto kwa sabata ankaganiza kuti ndi netiweki. Ndamuuza zoona, ndi za manyazi aja zomwe. Ndinakonzeka kukangana, mawu ndinali nditawasanja kale. Koma iye: "Za chitseko sindikanatsutsa, amayi. Ine ndimadikira getsi lanu la kukhitchini liyake, ndiye ndimanyamuka kupita ku ntchito."
Masabata atatu, m'mawa uliwonse, chikwama chili paphewa. Sindinkadziwa. Zandipweteka.

Lachitatu, 26 Malichi
Dzulo wamagetsi anabweranso. Anaseka, akuti sanaonepo munthu wotseka zonse n'kusiya getsi limodzi. Ndi lokhalo lomwe lizituluka m'nyumba muno kupita pa foni ya mwana. Chitseko ndi changa, alendo ndi anga.
Lero ndadzuka mochedwa, dzuwa lili kale mbee m'khitchini monse. Getsi ndayatsabe.