Kabokosi ka pa bwato la alamu

Chamboli, Kitwe
9 Ogasiti 2000

Mlongo wanga Zelipa,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi ana. Kodi mwendo wa amayi unasiya kutupa? Ine ndili moyo.

Zimene msuweni wathu Martha akufalitsa kwathuko ku Petauke, zoti kabokosi kanga katentha bwato ku Samfya n'kupha munthu, ndi bodza. Palibe wafa, ndipo bwatolo likuyendabe. Inaphulika ndi batire, madzi ake n'kupsereza manja ndi tsaya la msodzi wina, Edson. Martha sangasiyanitse batire ndi chitini cha palafini, koma pakamwa pake sipatopa.

Kabokosiko ndi kofanana ndi kaja ndinamangira amuna ako a Absalom pa bwato lawo lophera nsomba za kapenta. Alitaneta ya injini ndiyo imadzaza batire, ndipo kabokosi kamakhala kunja kwake, kuletsa magetsi kupitirira muyeso. Tochokera kumayiko akunja msodzi sangatikwanitse. Ine ndinakapanga ndi tizipangizo ta m'mawailesi akufa. Aja ankandiseka nditasiyira yunivesite m'chaka chachitatu, lero akugulitsa zovala za salaula ndi madigiri awo, ndipo palibe mmodzi angajambule pulani yake. Pulaniyo ndayibwereza katatu, ilibe cholakwa.

Cholakwa chili pa mita. Tsiku limene anatichotsa ntchito mgodi utagulitsidwa, a folomani anatilola kutola zida zakale, ine n'kutenga mita yoyezera magetsi. Kale mita iliyonse inkapita kukayesedwa kawiri pachaka, n'kumatidwa kapepala ka deti. Chipinda choyeseracho chinatsekedwa zaka zinayi zapitazo. Ine amene ndinkakalipira anzanga chifukwa cha kapepala komweko, sindinakayang'ane.

Lolemba ndinapita ku Ndola, kudera la mafakitale la Heavy Industrial, kukayerekeza ndi mita ya mnzanga. Pamene yanga ikuti 14, zoona zake ndi 16, ndipo timabokosi tonse ndinatichuna ndi mita yangayo. Mnzangayo anandifunsa ngati ndikupanga zodzazira batire kapena zophikira. Batire yolandira magetsi otere imawira, n'kumatulutsa mpweya woti kamoto kakang'ono kakangoyandikira, yaphulika.

Ndinapanga tisanu ndi tinayi. Tisanu ndi tiwiri ndatichotsa kale ndi manja anga, ka Edson ndi kachisanu ndi chitatu. Katsala ka alamu a Absalom.

Ndinawalembera ku Siavonga, kalata inabwerera, akuti anasamukira doko lina. Iwe ukudziwa kumene ali. Chonde usadikire kuti abwere kumapeto kwa mwezi. Tuma munthu pa basi ya mawa, akawauze kuti azule kabokosiko, batire azikadzazitsa kumtunda mpaka nditafika ndi mita yabwino. Asayese kukakonza okha. Akafuna kunditukwana anditukwane, ndidzamva ndili chiimire.

Upereke moni kwa amayi, kwa amalume ndi kwa ana. Martha umudumphe.

Batireyo ndinaiika ndekha pansi pa mpando woyendetsera, ndipo alamu amasuta.

Ndine mlongo wako,
Nicodemus