Poloti ya Pafupi ndi Mpanda

Nketa, Bulawayo
18 Malichi, 2024

Okondedwa Baba,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, ndiponso kuti bondo lija laleka kutupa. Khalani pansi kaye, muvale magalasi, chifukwa ndili ndi nkhani imene ikundilepheretsa ngakhale kudya. A kukhonsolo avomera mapulani athu! Gulu lathu lija limene tinaliyamba tili aphunzitsi 38 liyamba kukumba maziko mvula ikangotha. Nyumba imene ndakhala ndikukuuzani kwa zaka zisanu ndi chimodzi tsopano ili ndi nambala, ndipo chipinda chanu chili kale papepala, ndi khomo lakelake, kuti muzituluka osapempha njira kwa wina aliyense.

Koma pali mbali ina, ndipo ndikupemphani muwerenge mpaka kumapeto musanapinde kalatayi.

Tsiku limene tinkavundukula chiliza cha Amayi munandiuza kuti zaka 34 m'galaja ya mabasi zinakukwanani, makutu anu anamva zokwanira, ndipo simudzachoka ku Kezi pokhapokha nditakupezerani malo abata. Ine ndinalonjeza. Ndiye chaka chilichonse ndinkakulemberani kuti kumalo athu kumangomveka njiwa. Sindinkanama, Baba. Ndinkangolakwitsa mwauphunzitsi.

Onani mmene zinakhalira. Malowa ndinawapeza ndine, monga mlembi wa gulu. Tinakawaona katatu, ndipo katatu konse munali mu Disembala. Mphunzitsi angapeze nthawi ina iti? Mkati mwa temu Loweruka timakhala tikuchonga, ndipo tchuthi cha Epulo ndi cha Ogasiti timachithera pa ana a mayeso. Chakumadzulo kwa malowo kuli mpanda wautali wopaka penti ndi geti la dzimbiri, ndipo tinkadziwa kuti mkatimo muli bwalo la mipikisano ya magalimoto. Koma tikasuzumira munali zii. Tonse tinagwirizana kuti bwalolo linafa kalekale monga mafakitale ena a mumzinda muno. Palibe anaganiza kuti nawonso othamangitsa magalimoto amatsekera mu Disembala ngati ife.

Mwezi watha mayi amene amaona mapulani kukhonsolo anandifunsa mofatsa ngati tinayezapo phokoso. Nditaseka, iwo sanaseke. Anati tikapite Loweruka, ndipo tibwere ndi yankho pasanathe masabata atatu, apo ayi malowo sangamangidwepo nyumba.

Tinapita tonse. MaSibindi, amene amaphunzitsa zophikaphika, anatenga mphasa ndi fulasiki ya tiyi ngati tikupita kokasangalala. Tisanatsike n'komwe mu kombi, mawindo anayamba kunjenjemera. Baba, kunali ngati njuchi zazikulu ngati ng'ombe zikuthamangitsana kuseri kwa mpandawo. MaSibindi anagwetsa fulasiki, n'kundiyandikira kukhutu, akundiitana ndi dzina la banja lathu.

"Iwe MaMpala, njiwa zako zija ndi zimenezi?"

Wapampando wathu, Bambo Mkandla, amene amaphunzitsa mbiri yakale, anadikira magalimoto adutse, n'kunena kuti, "Sayansi yonse ili m'mutu mwakoyo, sunadabwe kuti bwalo lakufa amalipaka penti ndani?" Ndinawakumbutsa mwaulemu kuti amene anatiuza chaka chimene bwalolo linafa anali iwowo. Anthu anaseka, koma pobwerera khumi ndi mmodzi anati akutuluka m'gulu.

Lolemba ndinabwereka chida choyezera phokoso cha kusukulu, ndipo masana ndinakagogoda pageti lija. Ananditsegulira mdala wina dzina lake Fortuin, amene amasunga kalendala ya bwalolo. Ndinkayembekeza kuti andithamangitsa, koma anandiwiritsira tiyi. Anati nawonso ali ndi mantha: anthu akamanga pafupi kenaka n'kuyamba kudandaula, bwalo ndi limene limatsekedwa. Anandionetsa kalendala yonse. Mipikisano imachitika masiku khumi ndi limodzi okha pachaka, zoyeserera Loweruka kawiri pamwezi, ndipo ikamakwana faifi koloko zonse zimakhala zatha.

Loweruka lotsatira la zoyeserera ndinayenda malo onse ndi chida changa, ndikulemba manambala pamapu. Apa ndi pamene ndinayamba kusangalala. Choyamba, mphepo ya kuno nthawi zambiri imachokera kum'mwera chakum'mawa, ndiye imakankhira phokosolo kutali ndi ife. Chachiwiri, mitengo siithandiza kwenikweni. Ambiri amaganiza kuti ukabzala mitengo wathana nalo, koma phokoso limadutsa m'masamba monga madzi m'dengu. Chimene limalephera kuboola ndi dothi. Pamalopo pali chulu chachikulu, ndipo nditaima kuseri kwake manambala anatsika ngati wina watseka chitseko.

Ndiye tsiku lomwelo ndinaitana aphunzitsi onse, ndi otuluka aja omwe, n'kuwaimika pamzere ngati ana a Fomu 1. Aliyense aime kutsogolo kwa chulu, kenaka azungulire kuseri. MaSibindi anazungulira katatu. Atamaliza anati akufuna poloti yawo ikhale kuseri kwa chulu chomwecho, chiswe adzagwirizana nacho.

Mapulani tinawajambulanso. Dothi lonse la m'maziko ndi la m'misewu sitikalitaya, koma tiunjika mtumbira wautali m'mbali mwa mpanda, wotalika kuposa denga la nyumba, n'kubzalapo kapinga. A kubwalo alonjeza kutibwereka thalakitala yawo. Nyumba zonse zifulatira bwalo: khitchini ndi bafa kumadzulo, zipinda zogona kum'mawa. Mayi a kukhonsolo aja anayang'ana mapu anga nthawi yaitali, n'kundifunsa ngati sindikufuna kusiya choko. Lachisanu anadinda. Mwa otuluka aja, asanu ndi anayi abwerera.

Tsopano ndifike pa chimene ndakhala ndikuchizungulira. Mapoloti timagawana potola manambala m'chipewa cha Bambo Mkandla, kuti pasakhale wokondera. Koma poloti nambala wani ili pakona, pamene mtumbira ukuthera, ndipo pamenepo phokoso lidzalowabe ndithu. Aliyense ankapemphera kuti isamugwere. Ndinaona kuti si bwino munthu wina alangidwe chifukwa cha Disembala wanga. Chipewa chisanayambe kuyenda ndinaimirira, n'kunena kuti nambala wani aichotsemo, ndi yanga. Ndinalankhula ndisanakufunseni, pamene nyumbayo ndi yanunso. Bata ndinakulonjezani lija, Loweruka kawiri pamwezi ndi pa masiku a mipikisano silidzakhalapo. Ndikhululukireni, Baba. Mukanena kuti simubwera, sindidzati mwaphwanya mawu anu. Wophwanya ndine.

Komabe ndiloleni ndikuuzeni kanthu kena. Mdala Fortuin ali ndi kagalimoto kofiira ka 1974, ka injini ya kabuleta ziwiri, kamene amathamangitsa pa mpikisano wa magalimoto akale. Pamsewu woongoka kamalira bwino kwambiri. Koma kakangotuluka pakona yokhotera kumanzere kamatsokomola kawiri, n'kuchita ngati kakufuna kuzima, kenaka n'kudzidzimuka. Pokhotera kumanja sikatero. Amakaniki a masiku ano amafika ndi kompyuta, n'kusowa poilumikiza. Mapulagi anasintha, mafuta anasintha, koma chaka chonse chatha kakhala kakumaliza komalizira. Ndinamuuza kuti ndikudziwa munthu amene ankaika chikhatho pa boneti ya basi, n'kutchula matenda ake dalaivala asanatsike.

"Munthu ameneyo ali moyo?" anandifunsa.

Ndinati ali moyo, koma anapuma, ndipo akufuna bata.

"Bata adzalipeza kumanda, mwana wanga. Muuze kuti ndili ndi mpando, tiyi ndi sipanala."

Mawuwo ndi ake, si anga, ine ndangowapereka. Koma musakwiye ndi azakhali NaThulani, amene anandiuza kuti chigayo cha kusitolo mwachimasula kawiri chisanawonongeke, ndiponso kuti masana mumakakhala kumsewu kudikira basi ya ku Maphisa, imene simukwera. Akuti ikadutsa mumapukusa mutu n'kunena kuti wina akuipha injini imeneyo. Ine ndikuganiza kuti m'nyumba mwathu muja munachita bata kwambiri chichokereni Amayi. Mwina ndikulakwitsanso. Ndaonetsa kale kuti ndimatha.

Zenera la chipinda chanu ndalijambula kum'mawa monga a ena onse. Koma ndalijambula ndi pensulo.

Mundiperekere moni kwa azakhali ndi onse a kutchalitchi. Adzukulu anu akupereka moni, ndipo akufunsa ngati mbuzi yamawanga ija inabereka. Ndatumiza mankhwala opaka pabondo ndi kondakitala wa basi ya Lachinayi. Mpikisano wotsatira uli pa 13 Epulo, ndipo bedi la kuno ndi loyala kale.

Za nyumba musafulumire kundiyankha. Koma mdala uja akundivutitsa tsiku ndi tsiku, ndiye chonde ingondilemberani mzere umodzi wokha: n'chifukwa chiyani kagalimoto kaja kamatsokomola pokhotera kumanzere kokha? Ngati n'zosatheka kudziwa osakamva ndi khutu lanu, mundiuze tsiku, ndidzakudikirani pa depoti.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Sehlile