Mtanda wa Atate Unatsala M'nyanja

Lachiwiri, 9 Julho

Mtanda wa atate watha. Wasimenti, wofika pachifuwa panga, dzina lawo lolembedwa bwinobwino. Loweruka tikauimika pamanda, padre adalitsa, chaka chakwana chimwalirireni. Mano Beni, mkulu wanga, aimba foni kuchokera kumudzi, akuti ndiukweze pa chapa, minibasi ija, mota, njinga yanga yamoto, ndiisiye kuno ku Metangula. Iyayi. Msewu uja ndimanyamulamo anthu pa mota tsiku ndi tsiku, ndikuudziwa, mtanda ungakafike zidutswazidutswa. Ndikwera boti ya a Alawi, mota ndi mtanda pamodzi. Mano ati nanga mwera? Ndawaseka. Mwana wa msodzi ine.

Lachitatu, 10 Julho

Tafika. Mota ili pakhonde. Mtanda palibe.

Lachinayi, 11 Julho

Ndilembe basi, mwina chifuwa chipepuka.

Tinanyamuka nyanja ili phee. Anthu thoo, matumba a ufa, makreti a zakumwa. Mota ndi mtanda anaziika kutsogolo. Titangodutsa phiri lija lolowa m'madzi, mwera uwo. Boti yalemera mutu, funde lililonse likulowa. Azimayi ena akukapa madzi ndi zigubu zodula, ena ayamba nyimbo za kutchalitchi. Ine mwana wa msodzi uja ndikusanzira nsapato zanga.

A Alawi anakuwa ali pa injini: "José, kutsogoloko kwalemera! Chimodzi chipite, mota kapena mtanda!" Sanamalize n'komwe, ine ndakumbatira kale thanki ya mota. Pakamwa panga panatuluka kuti tayani mtanda. Amuna awiri anaunyamula, phava! Nyimbo inadukira pomwepo. Mpaka kugombe palibe anandiyang'ana.

Amayi anali pagombe kudikira. Atafunsa, ndinati mmisiri sanamalize. Bodza lopusa bwanji! M'botimo munali anthu a m'mudzi momwe muno, mpaka a Ireni a khomo loyandikana nafe. Amayi anangoti, "Chabwino, kasambe."

Lachisanu, 12 Julho

Ndinatsikira kugombe m'mawa. Asodzi akusoka makoka, wina osadzutsa mutu: "Mota ija yadzuka bwanji, bwana? Sinazizidwe?" Onse gwa kuseka. Ndinabwerera ngati ndaiwala kanthu.

Mano sakundiyankhula. Ali pansi pa mango akupala matabwa awiri, ndipo sindinafunse kuti ndi a chiyani.

Ndikudziuza kuti motayi ndiyo imadyetsa ana anga, ndiyo imagula mankhwala a miyendo ya amayi. N'zoona ndithu. Koma m'boti muja za ana sindinaganizeko ngakhale pang'ono, za amayinso ayi. Ndinangoikakamira basi. Chimenecho ndicho chikundidya. Atate anapalasa nyanja iyi moyo wawo wonse osataya ngakhale nkhafi, ine ndataya dzina lawo.

Masana ndinawapeza amayi akuyanika usipa pathandala. Ndinati lero ndinena. Ndinaima, ndinaima, kenako ndinafunsa ngati mchere ulipo wokwanira mawa. Chitsiru.

Mota ndaikankhira kuseri kwa nyumba, ndaifunditsa khoka lakale. Sindikufuna kuiona.

Loweruka, 13 Julho

Anthu anayamba kukwera kumanda dzuwa lisanatenthe. Ine ndinali m'nyumba kuchedwa dala ndi mabatani a malaya. Amayi analowa atavala zoyera zawo za kutchalitchi, miyendo yotupa ija.

"Vundukula chinthu chako chija. Unditengere kumanda."

Ndinati amayi, mtanda uja mmisiri anamaliza. Ndine ndinauza anthu kuti autaye. 

"A Ireni anandiuza usanamalize kutsitsa katundu. Ndimadikira pakamwa pako." 

Sanakwerepo mota chibadwire. Ndinawakweza chammbali, anandigwira malaya kumbuyo ndi manja onse awiri. Ndinavala kapasete, chisoti cha pa mota, galasi ndatsitsa mpaka kuchibwano, mtima ukuti ndingodutsa msanga. Njira yonse anthu, akupatuka, akutiyang'ana. Kutsogolo mano asenza mtanda wamatabwa paphewa, dzina la atate lolembedwa ndi penti ya boti, isanaume bwino.

Ndinati ndiwonjezere moto. Amayi anandikoka malaya.

"Usathamange, José. Yenda pambuyo pa mkulu wako. Ndipo vula chisoticho, atate ako akuone nkhope."

Ndinavula.